Maladu Osalawa

Bambo anga ankalima tchana ku Chiradzulu. Ankadzala mvula ikamatha, kumunda wakumunsi kumene dothi lake ndi lakuda. Akakolola, ife sitinkadya kwenikweni. Mayi ankaphikako pang'ono ngati nyemba, koma ankadandaula kuti tchana amatha nkhuni. Matumba onse ankapita ku Limbe kwa amwenye. Ndinaperekezako kangapo. Tinkaima pakhomo lakuseri kwa sitolo, thumba n'kuikidwa pa sikelo, n'kulowetsedwa m'kati, chitseko n'kutsekedwa. Ine funso langa linali limodzi: anthu amenewa tchana yenseyu amatani naye? Bambo ankati, "Amadya." Ndikafunsa kuti amadya bwanji, ankati ndikawafunse ndekha. Sindinawafunse. Masiku amenewo mwana wa mlimi sankayambitsa nkhani pakhomo lakuseri.

Yankho ndinakalipeza ku Barking, mumzinda wa London, imvi zitayamba kale.

Mkazi wanga ndi namwino. Ndiye anatsogola kubwera ku London zaka za m'ma 2000 zitangoyamba, ine n'kumutsatira. Ndinapeza ntchito yokankha odwala pachipatala china chachikulu ku Edmonton. Tinkachita lendi fulati yapamwamba m'nyumba ina yakale. Pansi pankakhala bambo ena achikulire achimwenye ndi akazi awo. Poyamba tinkangogwedezerana mitu. Tsiku lina thumba la zinyalala linandiphulikira pamasitepe, ndipo ndinati, "Mayo ine!" Kumbuyo kwanga wina anati, "Pepani achimwene. Matumba a kuno ndi achabechabe."

Ndinatembenuka. Anali bambo apansi aja. Anabadwira ku Limbe, bambo awo anali ndi sitolo ya nsalu, ndipo anachoka ku Malawi ali kale ndi banja. Chichewa chawo chinali chakale, cha m'sitolo, koma chinali chonse. Kuyambira tsiku limenelo iwo ankanditcha achimwene, ine ndinkawatcha bambo. Akazi awo tinkangoti mayi apansi.

Nyengo yozizira itafika, mayi apansi anagogoda kwathu atanyamula mbale. Munali timipira tachikasu, tonyezimira, kukula kwake ngati ndimu yaing'ono. Anati amatchedwa maladu. Ndinaluma limodzi. Linali lolimba pang'ono kunja, koma mano atangolowa linayoyoka. Linkatsekemera ngati nzimbe yotafunidwa pafupi ndi muzu. Kenako, pansi pa kutsekemerako, ndinamva kakomedwe kamene ndinkakadziwa.

"Mayi, uyu si tchana?"

Anaseka. Chichewa chawo chinali chochepa kuposa cha amuna awo. Anati, "Tchana, tchana. Wa kwanu."

Sabata yomweyo ndinayesa ndekha. Ndinaganiza kuti mwana wa mlimi wa tchana safunika kuphunzitsidwa. Ndinagula wouma wa m'paketi, ndinamukazinga m'chiwaya ngati mtedza, ndinasungunula shuga n'kuthira. Zinatuluka zinthu zoti ukhoza kuponyera agalu. Mkazi wanga analuma kamodzi n'kugwira tsaya.

"Mwatikazingira miyala. Mukudziwa mmene amavutira kupezeka dokotala wa mano kuno?"

Mayi apansi atamva anaseka mpaka kukhala pamasitepe. Anati ndidzabwere adzandionetse. Ndinati ndidzabwera. Koma mashifiti anga ndi masiku awo ophika sizinkakumana, nyengo yozizira n'kutha, ina n'kubwera. Kenako mayi aja anadwala, ndipo sanakhalitse. Patapita miyezi ingapo maliro atachitika, bambo nawo anachita sitiroko. Anachira, ankayenda ndi ndodo, ankalankhula bwinobwino, koma dzanja lamanzere linafa. Mwana wawo wamkazi, amene ankakhala ndi banja lake ku Harrow, ankabwera kumapeto kwa sabata kudzawaphikira chakudya choika m'filiji. Chaka chonsecho m'nyumba yapansi simunatuluke fungo la chinthu chotsekemera. Bambo anandiuza kuti ndi mwambo wawo pakagwa maliro.

Madzulo ena ndikuchokera kuntchito ndinawapeza ataima pakhomo pawo, ngati munthu amene wakhala akumvetsera mapazi.

"Achimwene, Loweruka likubwerali muli pa shifiti?"

"Ndikupuma, bambo."

"Ndikufuna manja."

"Manja?"

"Awiri. Ine ndatsala ndi limodzi."

Anandilowetsa m'nyumba n'kundifotokozera. Loweruka limenelo chinkakwana chaka chimwalirireni akazi awo. Achibale ankabwera kudzapemphera, monga ife timasonkhanira pa chiliza. Patsogolo pa chithunzi cha malemu pankafunika kuikidwa mbale ya chakudya chimene iwo ankachikonda, dzuwa lisanafike pamutu. Mwana wawo anali atanena kuti adzagula maladu a m'bokosi kusitolo, bambo ake asavutike.

"Mkazi wanga sanadyepo ladu la m'bokosi ali moyo," iwo anatero. "Ankati limanunkha katoni. Ndiye ayambe tsopano? Ndikufuna ophikidwa muno, m'chiwaya chake. Ine ndimadziwa zonse, ndaonerera zaka zambiri. Kuumba ndiye sindingathe."

Ndinafunsa ngati zinali zololedwa kuti Mkhristu aphike chinthu chotere.

"Ku Limbe amene ankatiphikira kunyumba anali mkulu wa mpingo. Bola manja akhale osamba."

Anandipatsa malamulo. Ndisambe thupi lonse m'mawa umenewo. Ndivale zovala zochapa. Ndisadye nyama, nsomba kapena mazira ndisanabwere. Nsapato ndisiye pakhomo. Ndinawabwereza onse pamaso pawo, iwo n'kuvomera kuti ndamva. Kunyumba ndinafunsa mkazi wanga ngati iye akuona vuto. Anati, "Mukukaphika, simukukapembedza. Koma musakawathyole mano amene atsala nawo."

Bambo anandipatsa paketi yopanda kanthu kuti ndikaonetse kusitolo ya amwenye ku Ilford. Kumeneko ndi kumene ndinaona pamene ndinalakwitsa poyamba paja. Tchana wa maladu amagulitsidwa wokazinga kale, wosenda, wogawika pakati. Ndi wopepuka, ndipo ukamufinya ndi zala amasanduka ufa. Bambo anati amamunyowetsa pang'ono n'kumuponya mumchenga wotentha kwambiri, ndipo pali anthu amene ntchito yawo ndi imeneyo basi. Palibe banja limene limakazinga lokha. Ndinagulanso shuga wa nzimbe wosayeretsa, amene iwo amamutcha gol. Amabwera ngati chibuma, wofiirira, wolimba. Ndinamununkhiza m'basi. Ankamveka ngati munda wa nzimbe atautentha.

Loweruka m'mawa ndinatsika nditasamba, nditavala malaya oyera a kutchalitchi. Bambo anali atasamba kale. Pabalaza anali atakankhira mipando kukhoma. Pakatebulo panali chithunzi cha mayi apansi chili ndi nkhata ya maluwa, kanyali kosayatsa, ndi mbale yamkuwa yopanda kanthu.

"Iyo ndiye ntchito yathu," anatero, akuloza mbaleyo ndi ndodo.

Khitchini inali yaing'ono. Anandiuza kuti nditsitse chiwaya pamwamba pa kabati. Chinali chachitsulo, chakuya, chakuda, cha makutu awiri. Anati chinachokera ku Limbe m'sutikesi, chokutidwa ndi zovala za ana. Ndinachitsuka ngakhale chinali choyera. Iwo anakhala pampando pafupi ndi chitofu, ndodo ili pakati pa miyendo.

Ndine munthu wosakhulupirira ulendo woyamba. Pothira tchana m'beseni ndinasiya wina m'paketi, ndipo podula chibuma cha shuga ndinasiyanso chidutswa. Zonsezo ndinaika kuseri kwa ketulo. Bambo sanaone, ankayang'ana mpeni.

"Duleni mopyapyala, achimwene. Mukudula ngati nkhuni."

Ndinathira m'chiwaya supuni ya mafuta a mkaka, amene iwo amawatcha gii, kenako shuga uja. Anayamba kusungunuka m'mphepete. Ndinkatakasa ndi mthiko osasiya. Anasanduka manyuchi, anachita thovu, thovulo n'kumakwera ndi kutsika ngati likupuma. Ndinali ndi mafunso ambiri. Bwanji osathira madzi? Bwanji moto wochepa chonchi? Mumadziwa bwanji kuti apsa?

"Mafunso mukafunse Lolemba. Tengani kapu ya madzi ozizira."

Anandiuza kuti ndidonthezemo manyuchi pang'ono. Dontho linamwazikana m'madzi. Anapukusa mutu. Ndinatakasanso. Ulendo wina dontho linakhala pansi pa kapu lili lokha. Bambo analowetsa zala, analitola, analikulunga, n'kuliponya pambale. Linalira kuti kho.

"Tsopano! Zimitsani moto. Thirani tchana yense. Takasani, takasani, musaime!"

Ndinathira. Mthiko unalemera nthawi yomweyo. Tchana yense anavala manyuchi n'kuyamba kunyezimira. Bambo anawazamo ufa wa tinjere tonunkhira timene anali atasinja dzulo lake ndi dzanja limodzi. Anati ndinyowetse zikhatho, nditape akadali otentha, ndiumbe msanga asanagwirane. Moto wake unali woti munthu ungatukwane, koma ndinakumbukira kuti ndavala malaya a kutchalitchi. Ladu loyamba linatuluka lozungulira bwino. Ndinalikweza kuti aone.

"Eya," anatero. Maso awo anali atanyowa pang'ono. "Ndi lomweli."

Kwathu munthu sapereka kwa mnzake chinthu chimene waphika asanalawe yekha. Mayi akatunga thobwa m'chikho amamwako kaye mlendo akuona, kenako n'kupereka. Timati kuchotsa ufiti. Sikuti pali amene akukayikira mnzake. Ndi ulemu chabe, ndipo dzanja limachita lokha. Ine ndinali m'nyumba ya munthu wamkulu, ndaphika maladu enieni koyamba m'moyo wanga, oti adye abale ake onse. Ndinaluma theka la ladu lija, ndinatafuna bambo akuona, ndinanyambita chala chimene chinamata manyuchi, theka linalo n'kuika pambale. Kenako ndinapisanso dzanja m'chiwaya n'kupitiriza kuumba.

Ndinaumba lachiwiri ndi lachitatu ndisanazindikire kuti bambo asiya kulankhula.

"Achimwene, mwachita chiyani?"

"Ndachotsa ufiti, bambo. Ali bwino kwambiri. Shuga wakwana."

Ananena mawu ena m'chilankhulo chawo. Anatsamira kumpando n'kutseka maso.

"Zatha zimenezi," anatero.

Ndinayang'ana m'chiwaya. Sindinaone chopserera.

"Zatha bwanji?"

Anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi munthu wodwala. Chakudya cha pambale yamkuwa sichilawidwa. Woyamba kulandira ndi Mulungu ndi malemu. Wophika salawa, ngakhale mchere. Ndipo chimene chakhudza pakamwa pa munthu, n'kukhudzanso chakudya, chadetsa chonse. Dzanja langa linachoka pakamwa n'kulowa m'chiwaya.

"Bwanji simunanene, bambo? Za nsapato munanena. Za mazira munanena."

"Ndikananena bwanji? Mlendo akabwera kwanu mumamuuza kuti asaponde m'mbale?"

"Kwathu amene amapereka osalawa ndi amene timamuopa."

Anatsegula maso n'kundiyang'ana. 

"Ndikudziwa," anatero. "Ndinakulira komweko. Alimi akatibweretsera thobwa kusitolo ankayamba amwa okha, ife ana n'kumaseka kuti akutimana. Ndinaiwala, achimwene. Ndakhalitsa kuno."

Zimene zinali m'chiwaya zinkauma. Bambo anati ndingomaliza kuumba, chakudya sichitayidwa, ndidzapita nacho kwathu. Ndinaumba. Manja ankapsa, koma sindinkamvanso kwenikweni. Mbale yaikulu yadothi inadzaza ndi maladu okongola, ofanana, opanda ntchito.

Ndinayesa kupeza njira. Ndinati omalizirawa ndawaumba nditasambanso m'manja, mwina angalowe. Anati ayi. Ndinatsitsa mawu n'kunena kuti mwana wawo sangadziwe.

"Mwana wanga sangadziwe. Nanga uyo?" Analoza kubalaza ndi chibwano. "Ankadziwa ndikatsegula filiji iye ali kubafa."

Ndinati ndithamangire ku Ilford. Anayang'ana pawindo. Loweruka basi ya njira imeneyo imakwawa, ndipo kupita, kubwera, kuphika, dzuwa likanakhala litapendeka. Onse awiri tinkadziwa.

"Zisiyeni," anatero. "Bokosi likubwera. Adya katoni chaka chino."

Anayesa kuseka, koma sizinatheke. Anagwira dzanja lawo lakufa lija ndi linzake n'kuliika bwino pamwendo. Ndinaona kuti chimene chinkawapweteka si maladu okha. Chaka chonse ankaphikiridwa, kuchapiridwa, kumangiridwa zingwe za nsapato. Chinthu chimodzi ichi ndi chimene anafuna kuti chichokere kwa iwo.

Ndinasuntha ketulo.

"Bambo, nanga izi?"

Anayang'ana paketi ija ndi chidutswa cha shuga. Anatambasula dzanja, ndinawapatsa, anayeza kulemera kwake m'chikhatho.

"Izi munasiyiranji?"

"Ndinkaopa kupsereza."

"Munazigwira mutalawa kale?"

"Ayi. Ndinaziika ndisanayatse moto."

Anandiyang'anitsitsa kuti aone ngati ndikunena zoona. Kenako anagogoda pansi ndi ndodo.

"Mantha anu atithandiza lero. Pitani mukachukuche m'kamwa, musambe mpaka m'zigongono. Chiwaya muthiremo madzi owira. Fulumirani, achimwene, musayende ngati mukukankha wodwala!"

Manyuchi akauma pachitsulo sachoka msanga. Ndinawiritsa madzi m'chiwaya, ndinakhuthula, ndinawiritsanso, ndinapala ndi supuni. Mthiko ndinatenga wina. Kapu ndinatenga ina. Bambo ankaloza chilichonse chimene ndinachigwira nditalawa, mpaka chogwirira cha mpopi, ine n'kumatsuka. Mbale yaikulu ija anati ndiitulutse m'khitchini, ndikaiike pamasitepe opita kwathu.

Shuga wochepa m'chiwaya chachikulu sachedwa. Ndinangotakasa pang'ono, thovu linali litakwera kale. Dontho loyamba linamwazikana. Ndinafuna kudikira monga poyamba, koma bambo anakweza mphuno.

"Yesaninso."

"Sipanapite nthawi, bambo."

"Yesaninso, ndikumva fungo!"

Dontho linakhala pansi. Analiponya pambale, linalira. Ndikanadikira monga ndinkafunira, akanapserera, ndipo kuseri kwa ketulo kunalibenso kanthu. Ndinazimitsa moto n'kuthira tchana.

Apa ndinaona mmene chizolowezi chilili champhamvu. Kachidutswa kanamata pachala changa chachikulu, ndipo dzanja linayamba lokha ulendo wopita kukamwa. Ndodo inandigunda pabondo.

"Pakamwa!"

Ndinaluma milomo n'kuviika dzanja m'madzi.

Ndinaumba loyamba, ndinaika pambale yaing'ono yoyera. Ndinaumba lachiwiri. Bambo anali ataimirira, atatsamira kabati, akuyang'ana m'chiwaya mmene munkachepa. Anati, "Nyowetseni dzanja langa."

Ndinawathira madzi m'chikhatho chakumanja. Anati nditape, ndiike m'chikhatho changa chakumanzere, ndichigwire chotambasula. Kenako anaika dzanja lawo pamwamba n'kuyamba kuzunguliza. Dzanja langa linali pansi, lawo pamwamba, ladu pakati. Zinali zotentha, ndipo khungu la munthu wokalamba ndi lopyapyala, koma sanachotse. Tinkasemphana. Ine ndikapita uku, iwo ankapita uko.

"Inu khalani chete, ndizungulize ndine," anatero.

Ndinaumitsa dzanja ngati thabwa. Linatuluka ladu lopindika, mbali imodzi lophwatalala, looneka ngati mbatata yaing'ono. Analiyang'ana.

"Akanandiseka," anatero. "Ikani pambale."

Otsalawo ndinamaliza ndekha, lomaliza ndikuchita kupala m'chiwaya. Anali ochepa, osakwana kuphimba pansi pa mbale. Ngati shuga anakwana kapena ayi, panalibe amene ankadziwa.

Tikupukuta chitofu, belu linalira. Anali mwana wawo, atanyamula zikwama mbali zonse, mwamuna wake akuimika galimoto. Iye Chichewa ankangodziwa moni, tinkalankhulana m'Chingerezi, ndipo ankanditcha ankolo. Analowa atanyamulanso mbale yaikulu ija imene anaipeza pamasitepe.

"Ankolo, mwapanga ndinu awa? Ndi okongola! Bwanji mwawasiya panja?"

Anayamba kulunjika nayo kubalaza. Bambo ake anatchinga njira ndi ndodo.

"Amenewo ndi a achimwene. Analawa."

Mwana uja anaima. Anandiyang'ana, anayang'ana bambo ake, n'kutseka pakamwa ndi dzanja. Sindinadziwe ngati akudabwa kapena akubisa kuseka. Bambo anamufotokozera m'chilankhulo chawo, ndipo pakati pa mawuwo ndinamva akuti thobwa, ndi ufiti. Anabwezera mbaleyo pamasitepe, anasamba m'manja, n'kulowa m'khitchini.

Anaona mbale yaing'ono ija. M'chikwama chake munkaoneka bokosi la kusitolo, lomangidwa ndi kansalu kofiira. Anati anthu akubwera ambiri, awa ndi ochepa, mwina asakanize ndi a m'bokosi kuti mbale yamkuwa ioneke yodzaza. Bambo ankangoyang'ana chiwaya chimene chinali pachitofu. Mwana uja anachiyang'ananso. Kenako analoza ladu lopindika lija.

"Ili lachita bwanji?"

"Ilo ndi langa," bambo anatero.

"Lanu bwanji, adadi?"

Anakweza dzanja lawo lamanja. Chikhatho chinali chofiira.

Mwana uja sananenenso za kusakaniza. Anatenga mbale yamkuwa, anasanja maladu athu ochepa aja, lopindika n'kuliika pamwamba. Bokosi linakhala m'chikwama mpaka nthawi ya tiyi.

Ndinafuna kukwera kwathu, koma bambo anati ndikhale. Ndinaima pakhomo la balaza, kumbuyo kwa achibale amene anakhala pansi pa mikeka. Anayatsa kanyali ndi lubani. Anaimba nyimbo zawo, ine osamva ngakhale liwu limodzi. Ndinkayang'ana mbale ija patsogolo pa chithunzi. Ndinkaganiza za matumba a bambo anga akulowa pakhomo lakuseri ku Limbe. Iwo anamwalira asanalawepo ladu. Sindikudziwa ngati akanalikonda. Zotsekemera sankazifuna kwenikweni, mwina akanati tawononga tchana.

Mapemphero atatha, mwana uja ananyamula mbale yamkuwa kuti agawire anthu, aliyense kachidutswa. Bambo anamuitana kuti ayambire kwa iwo. Kenako anandikodola.

"Achimwene, bwerani kuno."

Ndinadutsa pakati pa anthu, ndikupepesa, masokosi okha kumapazi. Bambo anatenga ladu limodzi pambale imene mwana wawo anagwira. Analikanikiza ndi chala chachikulu mpaka kachidutswa kanabenthuka. Anakweza mutu, anakaponya m'kamwa chapatali, zala osakhudza milomo. Anatafuna pang'onopang'ono ine ndikuona, achibale onse akuona. Anameza.

"Ndachotsa ufiti," anatero m'Chichewa. "Shuga wakwana. Tambasulani dzanja lamanja."

Ndinatambasula, ndipo anaika chotsalacho m'chikhatho changa.